Ulendo Wapansi ku Nkhamenya: Mphero, Zigayo ndi Nyumba za Maesiteti

Munthu wokwera basi ya ku Mzuzu amaiona Nkhamenya kwa mphindi zosakwana zisanu. Amaona magolosale, anyamata a pachiwaya, njinga za kabaza, ngolo zonyamula mabelo a fodya, kenako basi ija yalowera ku Jenda. Ambiri mwa ife timadziwa madera a kwathu komwe mwa njira imeneyi, ya pazenera. Chimangirizo chino chikufotokoza zimene munthu amaona akatsika basiyo, n'kusiya msewu wa M1 kumbuyo, n'kulowa m'tinjira ta kumidzi. Ine ndidayenda ulendo wotere pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti pamodzi ndi atsibweni anga, amene adagwirapo utenanti ali mnyamata. Cholinga changa chidali chochepa: kutolera mawu okhudza kukonza ufa ndi kulima fodya. Koma mawuwo adandikokera ku zinthu zenizenizo, ndipo zinthuzo zidandisiya ndi funso limene ndikufuna kuliyankha muno. Kodi n'chifukwa chiyani zina mwa zimene anthu adamanga m'dera lino zidakaimabe pomwe zina zidafufutikiratu, nanga zotsalazo zikutiuza mbiri ya yani?

Nkhamenya ili kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Yaikulu Kaluluma, pa mtunda wa makilomita oposa 50 kuchokera paboma. Ndi malo a m'malire. Mayi amatha kutsatsa tomato m'Chichewa n'kutembenuka kukalipira mwana wake m'Chitumbuka, osazindikira n'komwe kuti wasintha chiyankhulo. Mishoni ya Katolika ya pamalopa, imene ili ndi chipatala komanso sukulu ya sekondale ya atsikana, ili pansi pa Dayosizi ya Mzuzu ngakhale kuti Kasungu ndi boma la m'chigawo chapakati. Dziko lake ndi lachidikha, lokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, lodukizadukiza ndi madambo. Kuyala kwa dzikoku tikukumbukire, pakuti kudzatithandiza kutsogoloku.

Titayenda ngati ola limodzi kulowera kumadzulo, tidafika pamene padaima mitengo ingapo ya mango pakati pa munda wopanda nyumba ngakhale imodzi. Atsibweni adaima.

"Iwe, ukuona chiyani apa?"

Ndidati ndikuona mango. Adaseka.

"Mango samera okha m'tchire. Ukaona mango, nkhadze ndi nsatsi zili pamodzi, dziwa kuti waponda pabwinja."

Adandionetsa timitumbira ta dothi pamene padagwera zipupa, mapale a miphika, ndiponso mwala waukulu wokumbika pakati ngati mbale. Mwala umenewu ndiwo mphero, chigayo choyamba cha dera lino. Mphero imakhala ndi mwala wapansi wotambalala ndi kamwala kena kogwira m'manja, kamene ena amakatcha mwanamphero. Wopera amagwada, kuthira mbewu pang'ono pamwala waukulu, n'kumakankha kamwala kaja kutsogolo ndi kumbuyo mpaka ufa kumagwera m'lichero. Kukumbika kwa mwalawo sikuchita kusema ayi, ndi manja a amayi amene adaudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mphero imagwirizana ndi mbewu za timaso ting'onoting'ono monga mawere, mapira ndi mchewere, zimene makolo ankadalira chimanga chisanafale. Chimanga kwawo ndi ku America. Chidafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500, ndipo chidatenga zaka mazana kuti chilande malo a mapira. Akatswiri ena amati dzina loti chimanga limanena za mbewu yochokera kugombe la nyanja yamchere. Atumbuka a kuno amachitcha vingoma.

Chimanga chitakhazikika, ntchito yaikulu idachoka pamphero n'kupita pamtondo, umene m'Chitumbuka ndi thuli. Apa m'pamene kope langa lidadzadza msanga, chifukwa sitepe iliyonse ya ntchitoyi ili ndi mneni wakewake. Chimanga amachitonola kuchichotsa kuchitsononkho. Akachiwaza madzi amachikonola mumtondo kuti khungu lichoke. Amapeta ndi lichero kulekanitsa gaga ndi mphale. Mphale amaiviika m'madzi masiku awiri kapena atatu kuti ifewe ndi kusasa pang'ono, kenako amaitsuka, kuiyanika, kuisinja, kusefa, kubwezera misere mumtondo, n'kuyanikanso ufa pamphasa. Aneni okwana khumi pa mbale imodzi ya nsima! Chiyankhulo sichiwononga mawu pa chinthu chopanda pake. Kuchuluka kwa aneniwa kukusonyeza kukula kwa ntchito imene amayi ndi atsikana ankaigwira tambala woyamba asanalire. Pamtondo padalinso bwalo la amayi. Nyimbo za pamtondo zinkadzudzula mwamuna waulesi, apongozi ovuta kapena mkazi mnzawo wamiseche, ndipo wodzudzulidwayo ankamva ali chigonere m'nyumba koma osatha kukasuma kwa amfumu, poti wosinja amangoti ndimaimba nyimbo.

Mtondo udalamulira ngakhale akatswiri a zaulimi. Chimanga cha makolo ndi cholimba, choti pokonola khungu limachoka koma njere imatsala yathunthu. Mbewu za haibulidi zoyambirira, monga MH12, zidali zofewa: zinkafumbutuka mumtondo, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, komanso anankafumbwe ankazikonda. Amayi adazikana, ndipo alangizi ankati alimi ndi osamva. Zidatengera akatswiri a ku Chitedze kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zokonoleka bwino, kuti haibulidi ayambe kulowa m'nkhokwe za m'midzi mosakakamiza. Wosamva sadali mlimi. Adali katswiri amene sadafunse munthu wogwira munsi.

Kuchoka pabwinja paja tidatsata njira ya ngolo mpaka tidayamba kumva phokoso limene aliyense wokulira kumudzi amalidziwa. Chigayo chimene tidafikapo chidali cha dizilo, m'kanyumba ka njerwa kofolera malata akuda ndi utsi. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kufotokoza. Injini imazunguza lamba, lambayo amazunguza chitsulo chimene pamamangidwa tinyundo tolendewera, tinyundoto timamenya chimanga mwaliwiro mpaka chitasanduka ufa wotha kudutsa pa sefa wachitsulo, ndipo mphepo ya chikupizo imaukankhira ufawo m'chifanelo chachikulu pamene mwini chimanga amatchera thumba. Zigayo zambiri masiku ano zili ndi makina awiri, okonola ndi ogaya. Chigayo chidabweretsanso mitundu ya ufa imene mtondo sunkaidziwa kwenikweni: mgaiwa, wogayitsa chimanga chosakonola, ndi gramilu, wokonola koma wosaviika. Mpaka lero kuli anthu amene amaona mgaiwa ngati ufa wa kundende, wa kusukulu yogonera konko kapena wa chaka cha njala, ngakhale achipatala amati ndiwo wopatsa thanzi kuposa ufa woyera.

Mawu oti chigayo nawonso ali ndi ulendo wake. Mneni woti kugaya amapezeka m'Chizulu ndi m'Chindebele, ndipo Ashona a ku Zimbabwe nawo amati chigayo. Ine ndikuona kuti mawuwa adayenda njira imodzi ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'mafamu a kum'mwera, n'kubwerako ndi njinga, majekete ndi mawu atsopano. Chochititsa chidwi n'chakuti sitinena kuti kugaya pamphero kapena kupera kuchigayo. Chiyankhulo chidasunga mpanda pakati pa ntchito ya manja ndi ntchito ya makina.

Tili pachigayopo ndidakumbukira zithunzi za m'mabuku a Chingerezi amene timawerenga m'kalasi, zoonetsa chigayo cha m'mbali mwa mtsinje chokhala ndi gudumu lalikulu lozunguzidwa ndi madzi. Bwanji kuno kudalibe zotere? Yankho loyamba lili m'kuyala kwa dziko kuja. Gudumu la madzi limafuna madzi otsetsereka, oyenda chaka chonse. Mitsinje ya m'chidikha cha Kasungu, monga Dwangwa ndi timitsinje tothira m'menemo, imayenda mwaulesi m'madambo. Imasefukira mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zili mbee, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala, chimanga chili tho, timitsinje tambiri tasanduka zithaphwi ndi mchenga. Madzi ndi chimanga sizikumana. Kumene kuli mapiri nkhani idali ina: ku Livingstonia, mishoni ya Dr Robert Laws idayamba kupanga magetsi ndi mphamvu ya madzi mu 1905. Ndipo tikaganiza bwino, chigayo chamagetsi cha pa Nkhamenya lero chimayendera madzi ndithu, kungoti madzi ake ndi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makilomita mazanamazana kum'mwera. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, amayi a m'madera ambiri ankagona pachigayo kudikira magetsi.

Yankho lachiwiri ndi la ulamuliro, ndipo ndi limene lidandithandiza kumvetsa zimene tidaona masana a tsikulo. Ku England, kalembera wa chuma amene adachitika mu 1086 molamulidwa ndi Mfumu William, wodziwika kuti Domesday Book, adapeza zigayo zoposa 5,000. Zambiri mwa izo zidali za eni malo, amene ankakhala m'nyumba yaikulu pakati pa minda yawo. Alimi okhala pamalo a mwini malo ankakakamizidwa kukagayitsa tirigu wawo pachigayo chake n'kusiyako gawo la ufa ngati malipiro. Ku St Albans, mkulu wa nyumba ya amonke adalanda mphero za anthu mu 1331 n'kuziyala pansi m'chipinda china kuti azizipondaponda, ndipo anthu ataukira mu 1381 adakazizula mphero zija n'kuziphwanya, aliyense n'kutenga kachidutswa. Choncho chigayo cha madzi ndi nyumba yaikulu ya mwini malo zidali zinthu ziwiri zoyendera limodzi. M'midzi ya Achewa ndi Atumbuka mudalibe munthu wokhala ndi mphamvu zotere pa ufa wa mnzake. Mfumu inkagawa malo, inkalandira mitulo, koma mtondo udali wa banja. Munthu wolamulira malo, chakudya ndi ntchito nthawi imodzi adafika m'dera lino mochedwa, ndipo adafika ndi fodya.

Nyumba ya esiteti tidaionera patali chifukwa cha mizere iwiri ya mitengo ya bulugamu yolozera pakhomo pake. Dzina la esitetiyo ndilisunga. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, ya khonde lalitali lozungulira mbali zitatu, ya chumuni cha moto wa m'nyengo yozizira. Kumbuyo kuli thanki ya madzi yokwezedwa pa zitsulo, khitchini yapadera ndi tizipinda ta antchito. Magalasi a mazenera adatha kalekale, malata ena adapita ndi mphepo kapena ndi anthu, ndipo chipinda chimene chidali chochezera mudali mutaunjikidwa makoko a soya. Komabe maluwa a boganiviliya adali atayanga khonde lonse, ofiira ngati palibe chidachitika. Atsibweni adaima chapatali ndithu, chipewa chili m'manja.

"Tiyeni tikwere pakhondepo, atsibweni," ndidatero.

"Kwera iwe wasukulu. Ine zaka zinayi ndidakhala pano, phazi langa silidapondepo pamenepo. Tinkathera apo pali mwalapo."

Kuti timvetse nyumba zoterezi tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Fodya wa malonda adafika m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, pamene azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, adayamba kulimbikitsa alimi a ku Lilongwe kulima fodya wa chikopa. Ku Kasungu, bungwe la Britain la Colonial Development Corporation lidayesa fodya wootcha m'mabani cha m'ma 1950, ndipo dziko litalandira ufulu ntchitoyi idapitirira pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Koma chimene chidasintha nkhope ya dera lino ndi zimene zidachitika ku Rhodesia. Boma la Ian Smith litadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha mu 1965, maiko adaletsa kugula fodya wa kumeneko, ndipo ogula adatembenukira ku Malawi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kudali ku Kasungu konkuno, lidatsegula khomo. Lamulo la malo la 1965 linkalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lizi, mabanki adapereka ngongole, ndipo makampani a Press Farming ndi General Farming, nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma adatsegula minda ikuluikulu. Ambiri mwa mamanijala oyamba adali azungu ochokera ku Rhodesia komweko, ndipo nyumba za makonde zija adamangira iwowa. Maesiteti m'dziko muno adali pafupifupi 1,200 mu 1979, koma pofika 1989 adapitirira 14,000, ngakhale kuti ambiri mwa atsopanowa adali ang'onoang'ono. Yaikulu mwa nyumba zonse za nyengo imeneyo m'boma lino ndi ya Kamuzu mwini wake, Nguru ya Nawambe, kufupi ndi tawuni ya Kasungu.

Panali lamulo lina limene lidamanga zonsezi pamodzi. Lamulo la mbewu zapadera linkati fodya wa bale ndi wootcha m'mabani azilimidwa pa maesiteti pokha. Mlimi wa m'mudzi ankaloledwa chikopa ndi mitundu ina yotsika mtengo, ndipo ankagulitsa ku ADMARC, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo umene bungwelo lanena. Wofuna kulawako ndalama za bale njira yake idali imodzi: kukakhala tenanti. Malole ankapita ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena osowa malo kukatenga mabanja athunthu. N'chifukwa chake lero m'midzi ina ya kumpoto kwa Kasungu mumamveka mayina ndi kalankhulidwe ka Chilomwe ndi Chiyao.

Atsibweni adandifotokozera chaka cha tenanti ataloza malo amodziamodzi. Nazale amafesa mu Seputembala kapena Okutobala kudambo, n'kumathirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa amawokera. Kenako kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuthyola masamba kuyambira apansi, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, kusankha magiredi, kumanga mindindi, n'kudinda mabelo pa jeke. Ntchitoyi siitheka ndi munthu mmodzi, n'chifukwa chake mwini esiteti ankafuna tenanti wapabanja, ndipo ana ankagwira nawo m'malo mopita kusukulu. Chaka chonsecho tenanti sankalandira malipiro. Ankapatsidwa chimanga, mchere, feteleza ndi makasu pa ngongole, kapitawo n'kumalemba m'buku. Fodya akauma ankamugula ndi mwini esiteti yekhayo, pa mtengo ndi giredi zimene iye wagamula, n'kuchotsera ngongole ija.

"Ngakhale chigayo chidali cha bwana," adatero atsibweni, akuloza simenti yokhala ndi mabawuti anayi adzimbiri pamene padakhala injini. "Chimanga wakongola kwa iye, kugayitsa kwa iye, zonse m'buku. Chaka china nditagulitsa fodya yense adandiuza kuti ndatsala ndi ngongole ya thumba limodzi."

Nditamva zimenezi, nkhani ya ku St Albans ija idasiya kukhala ya m'buku. Mawu oti kapitawo tidabwereka ku Chipwitikizi, bwana ku Chiswahili, tenanti, esiteti, bani, belo ndi jeke ku Chingerezi. Koma mawu amene atsibweni adagwiritsa ntchito pofotokoza moyo umenewu ndi athu omwe: adati idali thangata. Kale mawuwa ankatanthauza kuthandizana pantchito, ndipo adaipa m'nthawi ya atsamunda pamene eni minda a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankagwiritsa anthu ntchito yaulere ngati lendi ya malo. Zidzukulu za anthu amene adathawa thangata wa kum'mwera zidadzamupezanso ku Kasungu atavala dzina lachingerezi. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mwalamulo mu 2021 posintha lamulo la zantchito.

Chapafupi ndi nyumba ija pali mabani asanu ndi limodzi oimirira mumzere, aatali ngati nyumba zosanja, opanda mazenera. Bani ndi yootchera fodya wa mtundu wa Virginia. Kunja kwake kumakhala ng'anjo ya nkhuni, ndipo kutentha kumayenda m'mipaipi yodutsa pansi m'kati mwa baniyo kotero kuti utsi sukhudza masamba. Wootcha amakweza moto pang'onopang'ono kwa pafupifupi sabata imodzi: poyamba wofatsa kuti tsamba lichite chikasu, kenako woumitsa tsamba, pomaliza wofika madigiri pafupifupi 70 kuti mtsitsi wapakati uume. Akagona tulo usiku umodzi, bani yonse yaonongeka. Mabani amenewa ndiwo adadya nkhalango za miombo za dera lino, mothandizana ndi zigafa zimene zimafuna mitengo yatsopano pakangopita zaka zochepa. Chigafa, chimene amaumitsiramo bale ndi mphepo chabe, ndi mitengo ndi udzu basi.

Apa m'pamene pali yankho la funso langa lija. Ndidafunsa atsibweni kuti andionetse pamene padali nyumba yawo. Tidayenda kuseri kwa mabani, kutsika chakudambo, iwo n'kumayang'ana uku ndi uku. Padali munda wa mtedza wokololakolola. Mabanja oposa makumi atatu adakhalapo pamenepo, malinga ndi kukumbukira kwawo, m'tinyumba ta mitengo ndi udzu timene tenanti sankalimbikira kutikonza podziwa kuti chaka chamawa akhoza kuchotsedwa. Sankabzala ngakhale mango, pakuti wobzala mango ndi munthu amene akudziwa kuti adzadya. Bwinja la mudzi wakale lija lidasiya mitengo ndi mphero. Bwinja la matenanti silidasiye kanthu. Mlendo wodzayenda pano zaka 50 zikubwerazi adzaona khonde, chumuni ndi mabani, n'kuganiza kuti mbiri ya fodya wa Kasungu ndi ya anthu amene ankakhala pakhonde. Njerwa imasunga mbiri ya mwini njerwa. Ya ena onse idatsala m'mawu ngati mndindi, mkangala ndi chigafa, ndi m'mitu ya anthu okalamba, ndipo kwa ife ophunzira chiyankhulo imeneyi ndi ntchito imene yatiyang'ana m'maso.

Kugwa kwa nyumbazi kudayamba pamene boma lidalola alimi ang'onoang'ono kulima bale, kuyambira mu 1990. Munthu atapatsidwa mwayi wolima fodya pamunda pake n'kukagulitsa yekha ku okushoni kudzera m'kalabu, chifukwa chokhalira tenanti chidachepa, ndipo maesiteti ambiri akuluakulu adalephera kupikisana nawo. Ena adagawidwa, ena adabwerekedwa, ena anthu adangolowamo n'kuyamba kulima, ndipo milandu ya malo oterewa siitha m'mabwalo a mafumu ndi m'makhoti. Fodya sadathe ayi. Msika wa Chinkhoma uli m'boma lomwe lino, ndipo zigafa zili mbwee m'midzi. Koma m'minda yambiri imene idali ya fodya lero muli soya, mtedza ndi mpendadzuwa.

Pobwerera tidadzera njira ina. M'chidikha chonse chopanda mitengocho mumaoneka tizilumba ta nkhalango yowirira, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti amenewo ndi manda. Kumanda sikudulidwa mtengo wamba, ndiye kumeneko n'kumene munthu angaone mmene dziko lino lidalili mabani asanabwere: miombo, misuku, muwanga, mlombwa. M'midzi ya Achewa nkhalango yomweyo imabisanso dambwe, kumene kumachokera Gule Wamkulu. Tidadutsa chapatali, mwaulemu, atsibweni atatsitsa mawu. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndipo Nkhamenya ndi amodzi mwa malo ochepa kumene munthu angamve ng'oma za magule onse awiriwa usiku umodzi.

Pali zinthu zina ziwiri zakale zimene sitidazione paulendowu koma zili m'boma lomweli, ndipo ndingozitchula mwachidule. Choyamba ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, zoumbidwa ndi dothi, zazitali kuposa munthu, zimene zinkakoka mpweya zokha popanda mvukuto. David Livingstone adadutsa m'dziko la Mwase mu 1863 nthawi imene ntchitoyi idali pachimake, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri ofukula zakale adapempha akuluakulu a kwa Chulu kuti awaonetse mmene inkachitikira. Makasu amene adalima mapira operedwa pamphero ija adachokera m'ng'anjo zoterezi. Chachiwiri ndi malinga, mipanda ya dothi imene midzi inkadzitchinjiriza nayo kwa Angoni. Zotsalira za zonse ziwirizi zikupezeka m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, kumene khasu ndi thirakitala sizidafike. Ufumu wa Mwase womwewo udagonja kwa asilikali a Britain mu Disembala 1895, ndipo pamalopo adamangapo linga lawo la Fort Alston, chiyambi cha boma la Kasungu.

Dzuwa lidapendeka tikulowa m'mudzi mwa agogo, mayi awo a atsibweni. Tidawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba.

"Mwabwera amuna anga? Akuti mukuyenda m'tchire kulemba miyala."

Ndidagwada kuwapatsa moni, n'kuwauza kuti nsima ya Amalawi idalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2017 ngati chuma cha chikhalidwe. Adafunsa ngati olembawo adalembanso dzina la wosinja. Kenako adatuma mdzukulu wawo wamkazi kuti asunthe dengu limene lidali pakona pa khonde. Pansi pake padali mphero, yaing'ono kuposa ya kubwinja ija, yosalala ngati sopo. Adati idali ya amayi awo, ndipo adabwera nayo pamutu pokwatiwa. Chimanga chonse amatumiza kuchigayo, koma chimera cha mawere chothira m'thobwa amapera okha, chifukwa cha kuchigayo chimanunkha dizilo ndipo wachigayo salola kuyatsa injini chifukwa cha kambale kamodzi. Ndidapempha kuti ndiyeseko. Ndidagwada, kugwira mwanamphero ndi manja awiri, n'kukankha. Mawere adabalalika mbali zonse, nkhuku n'kuthamangira. Agogo adandilanda kamwalako, n'kuuza mtsikana uja kuti atole mawere otsalawo nkhuku zisanamalize.